Masamba pa Msewu Popanda Maliro

Mmodzi wa apolisi amene anabwera kudzandikweza m'galimoto ya polisi ndi munthu yemwe ndinkamutukwana tsiku ndi tsiku, iye n'kumaseka. Anali Mbemba, ine makolo anga anachokera ku Katete, ndiye tinali pa chimbuya. Amene sanakhaleko kuno mwina sadziwa: Mbemba ndi munthu wa kum'mawa amanyozana mmene angafunire, ndipo palibe mlandu. Akafika pa kantemba kanga pa Chinyunyu, kathebulo ka mitengo kofolera udzu komwe ndinkagulitsirapo nthochi, tomato ndi mbatata, ndinkamulonjera mokuwa kuti wakudya anyani wabwera, bisani ana. Iye ankayankha kuti fungo la mbewa walimva ali kutali, n'kuthyola nthochi imodzi osapempha. Ndinkamutchula wakuba anthu akumva, yunifomu ili m'thupi. Tsiku lina ndinamuuza kuti chipewa chake n'chachikulu kuposa nzeru zimene zili pansi pake, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

Ndiye zaka zimenezo, ulamuliro wa chipani chimodzi utangotha, wailesi ikamanena m'mawa ndi madzulo kuti manje pakamwa pamasuka, aliyense anene zakukhosi, ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse. Ndikanakayika bwanji? Ndinali mayi wotukwana wapolisi masana, madzulo n'kukagona m'nyumba mwanga.

Mudzi wathu unali mbali ino ya msewu waukulu wa ku Chipata, sukulu ndi mjigo zinali tsidya linalo. Pamalo pathupo msewu umatsika kaphiri n'kukhota, ndipo magonyeti, malole aatali onyamula katundu aja, ankatsika pamenepo ngati mabuleki anawaiwala ku Lusaka. Akadutsa, mphepo yake inkagwetsa tomato pa mulu. Mbuzi ndi nkhuku zinkathera pomwepo, ife n'kumangoti ndi mmene msewu ulili. Ana athu ankaoloka pamalo omwewo m'mawa ndi masana.

Ine ndinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, yekhayo amene Mulungu anandisiyira. Anali giredi thu. Mnzake wa pamtima anali mwana wa mayi wa kantemba koyandikana ndi kanga, Mnsenga wa ku Petauke, mayi wosalankhulalankhula amene ankagulitsa makala ndi masuku. Ana awiriwa ankapita limodzi kusukulu n'kubwerera limodzi, mpaka alendo ankayesa kuti ndi mapasa.

Tsiku lina aphunzitsi anawatulutsa msanga. Ine ndinali nditawerama, ndikupanga milu ya mbatata. Ndinamva hutala, kenako phokoso limene sindifuna kulifotokoza. Loleyo sinaime. Nditadzutsa mutu ndinaona mwana wanga ali chilili m'mphepete mwa tala tsidya lija, nsapato ya patapata ya mnzake ili m'manja. Inali itavuka mnzakeyo akuthamanga, ndipo wanga anatsalira kuti aitole. Akanapanda kuwerama pa patapata imeneyo, bwenzi titakumba manda awiri.

Pa maliro tinachita monga mwa mwambo. Amuna anathyola nthambi za masamba n'kuziyala pa msewu, kumtunda ndi kumunsi kwa mudzi, kuti wodutsa aliyense adziwe kuti pano pagwa zovuta. Palibe dalaivala wosadziwa masamba amenewo. Masiku a malirowo ndinaona chinthu chimene sindinachionepo chikhalire pa Chinyunyu. Magonyeti omwe aja ankafika pa masamba n'kuyamba kukwawa. Mabasi ankazimitsa wailesi. Apanjinga ankatsika n'kumakankha. Okalamba ankaoloka ndi ndodo zawo osacheuka n'komwe. Wapolisi uja, mbuya wanga monga mmene a pa chimbuya timaitanirana, analipo, poti pa maliro a anthu a kum'mawa Abemba ndiwo amagwira ntchito. Anavula shati n'kulowa m'dzenje kukumba manda, ndipo nthambi zina anayala pa msewu ndi manja ake. Ndinamuona ndi maso angawa.

Titaika mwana, masamba anawachotsa, ndipo m'mawa mwake tomato wanga anayambanso kugwa pa mulu.

Amuna anga sanali munthu wamakani. Anali mlimi wachete, woimba kwaya ku tchalitchi, wosadziwa kukweza mawu. Patapita masiku anandikhazika pansi n'kundiuza kuti teremu ikatha mwana apita ku Katete kwa alongo awo, kumene sukulu ili kuseri kwa nyumba ndipo kulibe tala. Ndinakana ndisanamve n'zonse. Ndinati ndizimuperekeza ndekha, ndizikamutenga ndekha. Anandifunsa ngati ndizidziwa nthawi imene aphunzitsi atopere tsiku lililonse, ndiponso ngati mwana ndimumangirira pamwendo akafuna kukatunga madzi kapena kukasewera ndi anzake. Kenako ananena mawu amene anandilasa.

"Amake mwana, tsiku lija munali pomwepo. Munaletsa chiyani?"

Ndinapsa mtima moti ndinaponya mbale panja. Chimene ndinapempha n'chimodzi: boma likaika mahampu teremu isanathe, zitunda zija zokakamiza galimoto kuchepetsa liwiro, mwana akhale. Anavomera. Ndikuganiza kuti anavomera msanga chonchi chifukwa boma ankalidziwa kuposa ine.

Khansala tinamuuza. Anagwedeza mutu, anati n'zomvetsa chisoni, nkhani aipititsa. Kumene ankaipititsa sindikudziwa mpaka lero. Koma akuluakulu a boma ankadutsa pa msewu wathu kawirikawiri, popita kum'mawa ndi pobwera, m'magalimoto a magalasi akuda. Ndinati kwa amayi anzanga, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tiime m'mbali mwa msewu tonse pamodzi, tiimbe, tinyamule makatoni olembapo zimene tikufuna, anthu amenewa ationa. Akapanda kutiona lero ationa mawa.

Ndinayamba ndauza mbuya wanga, osati kupempha, kungomudziwitsa monga mnzanga. Ndinakampeza pa lodibuloko yawo, migolo iwiri ndi thabwa, imene inali chapatali ndi mudzi, pamalo athyathyathya pomwe sipanafepo ngakhale nkhuku. Anandilandira ndi za mbewa monga mwa masiku onse. Nditafotokoza, kuseka kunachepa. Anati anthu sangasonkhane pa msewu popanda pemiti, ndipo chilolezo chimenechi chimachokera ku ofesi yaikulu ya polisi. Ndinamufunsa kuti pemiti ya chiyani, poti tikaima pomwe timaima kale tsiku lililonse.

"Mbuya, mukaima ndi nthochi ndi malonda. Mukaima ndi mawu ndi msonkhano."

Ndinamuuza kuti anyani amuwononga mutu. Anaseka, koma anabwereza kuti ndipite ku ofesi.

Ndinapita, pamodzi ndi mayi wofedwa uja. Tinasiya makantemba, tinakwera minibasi, tinavala zitenje za ku tchalitchi kuti tioneke anthu. Tsiku loyamba bwana anali atachokapo. Titabwerera tinampeza, ndipo funso lake loyamba linali lakuti ndi chipani chiti chatituma. Ndinati atituma ndi manda a mwana wa mayi awa. Sanakwiye, sanamve chisoni, anangoti tibwerenso sabata yamawa. Tinabweranso, tinakhala pa benchi mpaka matako kuuma. Pomaliza anatiuza kuti sangatilole, chifukwa alibe apolisi okwanira oti adzatiteteze.

Kutiteteza kwa ndani, anthuni? Ndinamuuza kuti chotiopsa chili pa msewu usana ndi usiku, chadya kale mwana, ndipo sitinaonepo wapolisi woti atiteteze. Mnzanga anandikoka chitenje kuti ndikhale chete. Bwanayo anatsamira pa mpando wake n'kundiuza modekha kuti mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinatuluka mutu ukuwira. Munthu wa mwana wamoyo, wa nyumba ya kutali ndi tala, kundiphunzitsa ine za nkhono.

Uku teremu inali kutha. Alamu anga a ku Katete anatumiza uthenga kuti malo akonza kale. Amuna anga anatsitsa kasutikesi ka malata kamene kankakhala pa denga n'kukapukuta fumbi, n'kukaika pakona pomwe ndinkakaona ndikangodzuka. Mwana naye anali atasintha. Anasiya kuimba, anasiya kusewera fulaye. M'mawa tikafika pa msewu ankandigwira chitenje mwamphamvu moti nthawi zina chinkamasuka.

Ndiye tsiku lina pa mjigo ndinauza amayi kuti msewu uwu umamva chinthu chimodzi chokha, ndipo tonse tinachiona: masamba. Tiyale masamba, tiime m'mbali ndi makatoni athu, pemiti ikhale ndi mwini wake. Mjigo unasiya kulira. Mayi wina wamkulu wa ku tchalitchi kwathu anati kuyala masamba popanda maliro ndi malodza, ndi kuitana imfa m'mudzi. Ena anavomereza. Nanenso ndinakula ndi mwambo womwewo. Koma mayi wofedwa uja, amene sanalankhulepo chiyambire, anatula ndowa yake pansi.

"Maliro alipo. Imwe munabalalika, ine ndikadali pamaliro."

 Amene anafuna kubwera anabwera, amene anaopa anakhala kwawo, ndipo sindinawadandaule.

Linali tsiku la sukulu. M'mamawa tinathyola nthambi za msuku n'kuziyala monga mmene zinalili pa maliro, kumtunda ndi kumunsi. Ife tinaima pa dothi, osati pa tala, ndipo zimenezi ndimazinenabe kwa aliyense wofuna kumva. Pa katoni ina tinalemba ndi khala kuti TIFUNA MAHAMPU, pa ina kuti ANA ATHU AKUTHA. Nyimbo za zionetsero sitinkazidziwa, ndiye tinkaimba za m'tchalitchi.

Zinatheka. Gonyeti yoyamba inatsika kaphiri, inaona masamba, inayamba kukwawa. Dalaivala anavula kapusi, kenako anawerenga katoni, n'kutikwezera dzanja. Basi inadutsa pang'onopang'ono anthu atatulutsa mitu m'mawindo, ena akutiombera m'manja. Ana a sukulu anaoloka akuyenda, osathamanga. Wanga anasiya chitenje changa n'kuoloka yekha, ndipo atafika tsidya anatembenuka n'kundimwetulira. Chichitikire ngozi ija ndinali ndisanaone mano ake.

Chimene sitinaganize n'chakuti masamba salankhula ndi madalaivala okha. Anthu a midzi yoyandikana amene ankapita kumunda anatula makasu n'kubwera kudzafunsa kuti kwagwanji. Tinkawafotokozera, ena n'kumvetsa, ena n'kuchoka akupukusa mutu. Kenako panaima minibasi, ndipo munatsika mtsikana wa m'mudzi mwathu wokwatiwa ku Lusaka, amene bambo ake anali chigonere ndi matenda. Ankabwera kudzawaona. Atangoona masamba pa njira yolowera kwawo, anataya katundu n'kudzigwetsa pansi akulira bambo ake. Tinamugwira, tinamulumbirira kuti ali moyo, koma sankamva. Kuti akhale chete panapita nthawi. Alongo ake anafika atakwiya koopsa, ndipo sindingawanene kuti analakwa. Mmodzi wa iwo anakwera njinga kupita ku lodibuloko.

Dzuwa litakwera inafika galimoto ya polisi. Munatsika apolisi a ndodo, munatsika bwana wa maso a nkhono uja, amene tsiku limenelo apolisi okwanira anawapeza. Nditaona kuti mbuya wanga ali nawo, mtima unakhala pansi. Ndinakuwa monga mwa nthawi zonse kuti wakudya anyani wabwera kudzatithandiza kuimba, mupatseni malo. Amayi anaseka. Iye sanaseke. Anaima patsogolo panga, maso ake ali pamwamba pa mutu wanga.

"Madamu, mtembo uli kuti?"

Madamu. Ine amene nthochi zanga zinali m'mimba mwake.

"Ngati ndi maliro, tionetseni nyumba ya maliro. Ngati ndi msonkhano, tionetseni pemiti."

Apa ndiye ndinamasula pakamwa ponse. Ndinamuuza kuti mtembo anaukwirira iye mwini, dothi la manda linali m'tsitsi mwake, ndipo ngati akufuna wina adikire pang'ono, msewu umupatsa. Ndinati lole ikafera pa msewu dalaivala amayala masamba omwewa, palibe amamufunsa pemiti. Ndinati iwo amatseka msewu ndi migolo tsiku lililonse pofuna kuona mapepala a galimoto, ife tachedwetsa galimoto m'mawa umodzi pofuna kuona ana athu akukula. Ndinafunsa ngati wailesi ya boma imanama ikamati tilankhule. Ndinkayang'ana mbuya, koma anayankha ndi bwana. Anati tatseka msewu wa boma, tasonkhana mosaloledwa, tibalalike pompano.

Ndodo sizinagwe pa munthu. Kungozikweza kunakwana. Amayi anayamba kubwerera m'mbuyo, wina anataya katoni n'kuthamangira m'chimanga, nyimbo inafera pakati. Anatiuza kuti tichotse masamba tokha. Ndinapinda manja. Ndiye mbuya wanga anawerama n'kuyamba kukoka nthambizo, imodziimodzi, kuziponya m'ngalande. Bwana analoza ine kuti wapakamwayo akwere, n'kulozanso mayi wofedwa uja, amene m'mawa wonse sanatulutse liwu, anangonyamula katoni.

Inali nthawi ya buleki kusukulu, ndipo ana anali atamva phokoso n'kuthamangira ku msewu. Masamba anali atachoka, magalimoto atayambanso liwiro lawo. Mwana wanga anandiona akundikankhira kumbuyo kwa galimoto ya polisi. Anayamba kulira, akuitana amama, ndipo ndinaona phazi lake likuponda tala. Kumtunda gonyeti inali itayamba kutsika kaphiri.

"Usaoloke!"

Wapolisi wina anandikankha paphewa kuti ndikhale pansi, ndikhale chete. Mbuya wanga anataya nthambi imene inali m'manja, analowa pakati pa msewu n'kukweza dzanja limodzi. Gonyeti inalira mabuleki n'kuima. Basi imene inali kumbuyo kwake inaimanso. Anapita tsidya, anagwira mwana wanga padzanja, anaoloka naye pang'onopang'ono n'kumupereka kwa mayi wina wa m'mudzi mwathu. Kenako anakodola gonyeti kuti izipita.

Mwina munthu wina akanathokoza. Ine ndinapsa mtima kuposa poyamba. Dzanja limodzi chabe. Masabata onse aja tinkakwera maminibasi, kukhala pa benchi, kuyankha za zipani, pamene chinthu chimene tinkapempha chinali m'dzanja la munthu wodya nthochi zanga. Akanangosuntha migolo yawo ija kuchoka pa malo athyathyathya n'kuiika pa khona pathu, bwenzi nkhani itatha popanda simenti n'komwe. Ndinanena zimenezi m'galimoto muja, mokuwa, njira yonse. 

Kupolisi anativula nsapato n'kutikhazika pansi pa simenti. Bwana anatiphunzitsa kwa nthawi yaitali kuti demokalase si chipwirikiti, kuti ufulu uli ndi njira zake. Ndinafunsa kuti njira yake ndi iti, poti ya ku ofesi kwake tinaiyenda mpaka kuiloweza. Anati ndikapitiriza mwano ndigona momwemo. Anafunanso kudziwa amene anatituma, chifukwa m'mutu mwake sizinkalowa kuti amayi ogulitsa tomato angaganize okha. 

Chakumasana anafika amuna anga ndi mkulu wina wa mpingo. Anali atavala jekete ya ku tchalitchi. Ndinawamva kuseri kwa chitseko akupepesa, akuti mkazi wanga ali ndi mtima wapachala bwana, mumukhululukire, sadzabwerezanso. Mawu amenewo anandiwawa kuposa simenti. Anatitulutsa ndi chenjezo. Ndikuvala nsapato pakhonde, mbuya wanga anayandikira n'kulankhula motsitsa.

"Mbuya, mundimvetse. Yunifomu ilibe mbuya. Nanenso ndili ndi ana."

Ndinamuyang'ana. Chidziwireni munthu ameneyu, aka kanali koyamba kuti ndisowe mawu omuponyera. Ndinamanga chitenje n'kutsatira amuna anga.

M'mudzi nkhani inagawanika. Ena ankati tinachita bwino, koma ankanena motsitsa mawu, pa mjigo, atayamba acheuka. Ena ankati tachititsa manyazi mudzi. Posakhalitsa bambo odwala aja anamwalira, ndipo abale awo ananena poyera kuti imfa tinaiitana ndife ndi masamba athu. Munthu anali atadwala chaka chonse, koma ndani akanamva zimenezo? Amuna anathyola nthambi n'kuziyala pa msewu, malo omwe aja. Magonyeti anayambanso kukwawa, ana anayambanso kuoloka akuyenda. Palibe anafunsa pemiti. Ndinapita kumaliroko poti sindikanatha kukhala, ndipo amayi amene ndinakhala nawo pafupi anasendeza mphasa.

Teremu inatha. Amuna anga sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti anamva kuti phazi la mwana linali pa tala kachiwiri, ndipo sadikira kachitatu. Sindinaponye mbale tsiku limenelo. Ndinachapa zovala zake, ndinamuluka tsitsi, ndinalongedza kasutikesi ka malata kaja ndekha, ndinaikamo chiponde ndi mbatata zophika za panjira.

Tinakaima pa malo omwe aja. Basi ya kum'mawa ndinaiimitsa ndine, pokupiza chitenje, ndipo inaima patali moti tinachita kuthamangira. Bambo ake anakwera ndi sutikesi. Iye anaima pa sitepe n'kundifunsa kuti ndidzapita liti kukamutenga. Ndinati akaika mahampu. Anagwedeza mutu ngati wamva tsiku lenileni, n'kulowa.

Patapita masiku mbuya wanga anabwera pa kantemba. Anayambira patali kuti kukununkha mbewa, n'kutambasula dzanja kuthyola nthochi. Ndinaimirira, ndinapukuta manja, ndinapinda mawondo.

"Muli bwanji, bwana? Tikuthandizeni chiyani lero?"

Anaseka, akuyesa kuti ndi chipongwe chatsopano. Ndinakhala chopinda mawondo, maso pansi. Kuseka kunatha. Anabweza nthochi ija pa thebulo bwinobwino n'kupita. Kuyambira tsiku limenelo mpaka pamene anamusamutsa, ndinkamupatsa ulemu wonse woyenera wapolisi wa boma, ndipo sindinamutukwanenso ngakhale kamodzi. Ankadutsa tsidya lina la msewu.

Mwana wanga poyamba ankabwera pa holide iliyonse, ndipo funso loyamba akatsika basi linali kuyang'ana pa msewu. Kenako anasiya kuyang'ana. Kenako maholide ena ankatsala komweko, poti mayendedwe anali ovuta ndipo kumunda kwa azakhali ake kunali ntchito. Anakula bwino, anaphunzira bwino, anali moyo. Sindinganene kuti amuna anga analakwa, ndipo chimenecho ndiye chimandikwiyitsa kwambiri, chifukwa ndilibe woti ndimukalipire amene angandimve. Zimene boma linadzachita pa msewu uja m'zaka za m'tsogolo sizinandithandize kanthu.

Holide ina anabwera ali namwali kale, wamtali kundiposa. Anandilonjera atagwada, mwaulemu, monga mmene mwana woleredwa bwino amalonjerera munthu wamkulu. Anakhala nafe masiku ochepa, akupempha chilolezo asanatsegule mphika m'nyumba imene anabadwiramo. Tsiku lobwerera ndinali naye pa kantemba tikudikira basi, ine ndikumumangira nthochi za panjira. Panali mayi wina wa ulendo womwewo amene anayamba kucheza naye, ndipo anamufunsa ngati ine ndine mayi ake. Mwana wanga anayankha mokoma, osaganiza n'komwe kuti pali choipa.

"Awa ndi amayi a ku Chinyunyu. Amayi anga ali ku Katete."

Sindinatembenuke. Ndinamaliza kumanga nthochi zija. Kumtunda kunatsika gonyeti, inadutsa ndi liwiro lake lonse, ndipo tomato anagubuduka pa mulu. Ndinawerama n'kuyamba kutola.